Njoka ndi Mngelo Pakhomo Limodzi: Ulendo wa ku Kilpeck

Ukatuluka mumzinda wa Hereford kulowera kum'mwera chakumadzulo, pamsewu wa A465 wopita ku Abergavenny, dziko limayamba kufiira. Nthaka ya kuno ndi katondo, ndipo paliponse pamene thalakitala yadutsa mizere imaonekera patali. Kuli minda ya maapozi amene amafululira mowa wotchedwa cider, kuli nkhosa mbwee m'madambo, kulinso ng'ombe zofiira za nkhope yoyera, zija zinatenga dzina la chigawochi n'kukalibzala mpaka ku Argentina ndi ku Australia. Kutsogolo kwagona mapiri a Black Mountains, ndipo pamsana pake ndi pamene padutsa malire a England ndi Wales.

Ankayendetsa galimoto ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Iwo ndi mkulu wa mpingo wa CCAP, anakulira ku Blantyre, ndipo ngakhale akhala ku Birmingham zaka zambiri, Lamulungu sajomba kutchalitchi. Ndinawapempha kuti andiperekeze chifukwa kumene tinkapitako sitima siima, komanso ndinkafuna kumva maganizo a munthu amene tchalitchi amachidziwa ndi mtima, osati ndi mabuku okha.

"Alamu," anandifunsa titangodutsa Worcester, "matchalitchi akuluakulu onsewa tikuwasiya m'njira, ndiye tikuthamangira ka kumudzi? Kali ndi chiyani kameneko?"

Ndinawauza kuti kali ndi zilombo. Anaseka, poyesa kuti ndikungocheza.

Titayenda makilomita pafupifupi 14 kuchokera ku Hereford tinakhotera kumanzere, n'kulowa kamsewu kopanikizika pakati pa mipanda ya zitsamba yotalika kuposa galimoto. Mukakumana awiri, wina ayenera kubwerera chambuyo mpaka apeze popatukira. Tinadutsa njanji ya sitima zopita ku Newport, tinakwera kamtunda, ndipo mudzi wa Kilpeck unali womwewo: nyumba zowerengeka, famu, malo amodzi odyera ndi kumwera, basi. Tchalitchi chili chapamwamba pang'ono, pakati pa ziliza zopendekeka zomera ndere.

N'chaching'ono zedi. Chilibe nsanja, koma kanyumba ka mabelu pamwamba pa khoma la kumadzulo, kamene anachita kuwonjezera m'zaka za m'ma 1800. Ukaima cham'mbali umaona kuti ndi zipinda zitatu zolumikizana, chilichonse chocheperako ndi chofupikirako kuposa chinzake pamene ukulowera kum'mawa. Choyamba ndi cha anthu wamba, mamita pafupifupi 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Chachiwiri ndi cha wansembe. Chachitatu, chimene muli guwa, n'chozungulira theka, ngati nkhokwe yodulidwa pakati n'kuigunditsa kukhoma. Matchalitchi ambiri a nthawi imeneyo anali ndi chipinda chozungulira chotere, koma mibadwo yotsatira inkachigwetsa n'kumangapo changodya chokhala ndi zenera lalikulu. Cha pa Kilpeck chinapulumuka, ndipo chifukwa chake ndinakachipeza kuseri kwa manda, madzulo ake.

Dera lino kale silinali la Angerezi. Linali kaufumu ka anthu olankhula Chiwelsh, kotchedwa Ergyng, kamene Angerezi anakatcha Archenfield, ndipo chilankhulocho chinamvekabe m'midzi ya kuno zaka mazana ambiri malire atasunthidwa. Buku lakale la dayosizi ya Llandaff limatchula tchalitchi pa Kilpeck cha m'ma 650. Ndiye kuti pamalo pano anthu akhala akugwada kwa zaka zoposa 1,300. Koma nyumba imene ilipo lero ndi ya anthu ena, Anormani, amene anawoloka nyanja kuchokera ku France n'kulanda England mu 1066. Mfumu William inagawira ankhondo ake malo a m'malire kuti azitchinga Awelsh, ndipo kaundula wamkulu wa malo wa mu 1086, Domesday Book, akusonyeza kuti Kilpeck inali m'manja mwa William fitz Norman. Banja lakeli linamanga linga pachitunda chochita kuunjika, ndipo linkayang'anira nkhalango za mfumu, zimene munthu wamba akapha gwape m'menemo ankalangidwa koopsa. Mwana wake, Hugh wa ku Kilpeck, anaika kagulu ka amonke pafupi ndi mudzi mu 1134, pansi pa nyumba yaikulu ya amonke ya ku Gloucester, ndipo cha m'ma 1140 anamangitsa tchalitchi chino, chodziwika ndi mayina a Maria ndi David Woyera.

Izi zinkachitika dziko lili pamoto. Mfumu Henry I itamwalira mu 1135, Stephen ndi Matilda anayamba kulimbirana ufumu, ndipo nkhondo yawo inafika mpaka mumzinda wa Hereford momwemo. Sindikufuna kukometsera zinthu: nyumba yokongolayi anaimanga ndi olanda dziko, ndipo thukuta ndi chakhumi zinachokera kwa olandidwa. Ngakhale malo amene inamangidwa akunena zomwezo. Kumadzulo kwake, modumpha ngalande yokha, kuli linga la bwana. Kum'mawa kunali mudzi. Wochokera kumudzi kupita kwa bwana ankadutsa pa nyumba ya Mulungu, ndipo ankadziwa bwino amene anailipirira.

Mwala wake ndi wamchenga, wofiirira, wokumbidwa m'dera lomwelo. Amisiri ankaotcha miyala ya laimu, kuithira madzi mpaka itafufuma, n'kusakaniza ndi mchenga kuti apeze matope omangira. Matope otere amauma pang'onopang'ono ndipo chisanu chikawapeza asanaume amaphwanyika, choncho ntchito inkaima nyengo yozizira, makoma atafunditsidwa udzu. Makomo ndi mazenera onse pamwamba pake ndi opindika ngati uta. Pomanga utawo ankayamba akhoma chikombole chamatabwa, n'kumayala miyala yosemedwa mopendekera kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka wapakati utalowa. Akachotsa matabwa, miyala imakanikizana yokha ndipo siigwa. Koma uta wozungulira umakankhira kulemera kwake m'mbali, n'chifukwa chake makoma ndi ochindikala ndipo mazenera ndi timipata chabe. M'zaka zomwezo, pafupi ndi Paris, amisiri a tchalitchi cha Saint-Denis, chimene mbali yake yatsopano inadalitsidwa mu 1144, anali atayamba kale kumanga ndi uta wosongoka umene unadzalola makoma opyapyala ndi mazenera aakulu agalasi. Kilpeck ndi ya kamangidwe kakale kaja, kotchedwa Romanesque, pamene kanali katakhwima, kasanasiyidwe.

Tinazungulira kum'mwera, ndipo alamu anaima chilili.

Khomo lake si lalikulu, munthu wamtali amalowa bwinobwino koma osatsala malo ambiri. Chodabwitsa n'chakuti palibe chikhatho chimodzi cha mwala chimene anachisiya chosasema. Pa mphuthu za kunja, uku ndi uku, pali njoka zonenepa zopotana, ina ikuluma mchira wa inzake, kukwera ndi kutsika. Pa nsanamira ya kumanzere, m'kati mwa ziyangoyango zolukana, mwaima ankhondo awiri, wina pamwamba pa mnzake, atavala zisoti zosongoka, malaya a mizeremizere ndi mathalauza, zida zili m'manja. Ziyangoyangozo zawakulunga miyendo ndi m'chiuno moti sungadziwe ngati akuzidula kapena zawagwira. Pamutu pa nsanamirayo pali zilombo ziwiri zoyang'anizana. Pamutu pa ya kumanja pali nkhope ya munthu ya maso otong'oka, m'kamwa mwake mukutuluka nthambi za masamba ndi zipatso. Pamwamba pa chitseko, m'kati mwa uta, mwamera mtengo umodzi wa mpesa, wa nthambi zotambalala mofanana mbali zonse, umene anthu amautcha Mtengo wa Moyo. Kuzungulira mtengowo pali mizere ya zosema: mitu ya zilombo za milomo ya mbalame yoluma mkombero wa khomo, zinjoka, mbalame yongopeka ija amati imapsa n'kudzukanso m'phulusa, nsomba ndi mbalame zili m'mikombero yolumikizana. Ndipo chapakati, pamwamba penipeni, pali mngelo akuuluka, mapiko ali tambalale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinakhala pakhomopo nthawi yaitali, ndipo mtambo ukasuntha, dzuwa n'kugwera cham'mbali, pankatulukira china chimene sitinachione poyamba. Mizere ya tchizulo ikuonekabe yakuthwa pamamba a njoka ndi pa malamba a ankhondo, patapita zaka pafupifupi 900. Mbali ina n'chifukwa chakuti khomoli linakhala nthawi yaitali litatchingidwa ndi kakhonde kamene anadzakachotsa pambuyo pake, ndipo mbali ina ndi kulimba kwa mwala umene amisiriwo anasankha.

Mayina a osemawo sanalembedwe paliponse, koma dzanja lawo limadziwika. Katswiri wa mbiri ya zosema George Zarnecki ndi amene anatchukitsa dzina lakuti Herefordshire School ponena za kagulu ka amisiri kamene kanayenda m'midzi ya kuno pakati pa zaka za m'ma 1100. Ntchito yawo ili pa miphika ya ubatizo ya ku Eardisley ndi ku Castle Frome, pa chosema cha George Woyera akubaya chinjoka ku Brinsop, ndi pa cha Samsoni akung'amba mkango ku Stretton Sugwas. Paliponse umaona zomwezo: maso otong'oka, zovala za mizere ngati nthiti, zikhadabo zazitali. Mbiri yakale ya amonke a ku Wigmore imasimba za Oliver de Merlimond, kapitawo wa banja la a Mortimer, amene anapita pa ulendo wachipembedzo ku Santiago de Compostela ku Spain, podzera ku France, n'kudzamangitsa tchalitchi ku Shobdon. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti zimene zinaonedwa pa ulendo umenewo ndi zimene zinafika kuno, chifukwa kayalidwe ka zosema mozungulira uta n'kofanana ndi ka matchalitchi a kumadzulo kwa France. Koma njoka zopotanazo ndi za kumpoto, za luso la Aviking, longa la patchalitchi chamatabwa cha ku Urnes ku Norway. Pakhoma la kumadzulo patuluka mitu itatu ya zinjoka, kukamwa kuli yasa, malilime atapiringizika, yooneka ngati nsonga za mitanda ya nyumba yamatabwa ngakhale ndi yamwala. Mitu ya milomo ya mbalame ija inali itayamba kale kuoneka ku Reading, kunyumba ya amonke imene Henry I anakhazikitsa mu 1121. Mmisiri wa m'kamudzi ka m'malire anatola za ku Spain, za ku France, za kumpoto ndi za kwawo, n'kuziumba kukhala chinthu chimodzi chimene sichipezeka kwina kulikonse.

Kenaka tinakweza maso. Pansi pa denga, kuzungulira nyumba yonse, pali timiyala totuluka m'khoma tochirikiza mzere wa pamwamba, ndipo kalikonse n'kosemedwa mwa mtundu wakewake. Tilipo toposa 80. Munthu umayenda chammbali, khosi lili m'mwamba, n'kumapunthwa pa ziliza. Pali nkhosa yamphongo, pali chimbalangondo chomangidwa pakamwa, pali nkhumba, mbalame, nsomba, mutu wa nyama ya nyanga wozondoka. Pali munthu akukwecha choimbira chazingwe, pafupi naye awiri akumbatirana ngati akuvina, wina wapinda thupi mwamasewera. Pali Mwanawankhosa wa Mulungu atanyamula mtanda, koma wosemayo anamupatsa thupi looneka ngati la hatchi. Ndipo pali galu wa makutu ogwa atagundana ndi kalulu, onse awiri akuyang'ana kutsogolo ndi maso ofatsa, moti mwana aliyense wofika pano amayamba waloza iwowo.

Alamu anali akusangalala mpaka tinafika kum'mwera kwa chipinda chozungulira chija. Pamenepo pali chosema chimene chatchukitsa Kilpeck kuposa china chilichonse: mkazi wadazi, wa mutu waukulu, miyendo ili tang'a, manja ake akuonetsa poyera malo amene pamwambo wathu satchulidwa pagulu. Zosema zotere zimatchedwa sheela na gig, ndipo zimapezeka pa matchalitchi ndi malinga akale, makamaka ku Ireland ndi ku Britain. Alamu anayang'ana kumbali.

"Iyayi alamu, izi ndiye zanyanya. Panyumba ya Mulungu? Ana akudutsa pompano? Galu ndi kalulu uja ndawalola, koma amayi awa ayi."

Ndinawauza zimene akatswiri amanena. Ena, monga Anthony Weir ndi James Jerman m'buku lawo la mu 1986, amati linali chenjezo la tchimo la chiwerewere, lolalikidwa kwa anthu osadziwa kuwerenga. Ena amati chinkaikidwa kuti chithamangitse zoipa. Enanso amachigwirizanitsa ndi uchembere, pa nthawi imene amayi ambiri ankatsikira kuli chete pobereka. Alamu anapukusa mutu. Anati lamulo lachiwiri linaletsa mafano osema pa chifukwa, ndipo ngakhale zosemazi sizinkapembedzedwa, nyumba yopemphereramo iyenera kukweza maganizo a munthu, osati kuwakokera pansi. Ndinawalemekeza pa mawu amenewo, ndipo sali okha. Cha m'ma 1125, tchalitchichi chisanamangidwe n'komwe, mmonke wotchuka Bernard wa ku Clairvaux analemba modandaula kuti zilombo zosemedwa m'nyumba za amonke zikuwachotsa abale pa kusinkhasinkha mawu a Mulungu, ndiponso zikudya ndalama pachabe. Ndipo mu 1842, wojambula George Lewis atasindikiza buku la zithunzi za Kilpeck, mkazi uja anamufotokoza ngati chitsiru chotsegula chifuwa chake. Maso a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria sanathe kupirira chimene maso a mu 1140 anachiika poyera.

Apa ndi pamene ine mtima wanga unagwidwa, ndipo ndinawauza alamu momwemo. Chikhristu chimene chinafika kwathu kuchokera ku zilumba zino chinabwera ndi anthu a m'badwo wa Lewis: a UMCA ku Magomero mu 1861, a ku Scotland ku Blantyre mu 1876. Anali ana a mipingo imene inali itapaka kale laimu pa zithunzi za m'makoma ndi kuphwanya zosema zambiri zaka 300 m'mbuyomo. Ambiri a ife tinakula tikuyesa kuti Chikhristu cha Azungu chinali choyera mbee chotero kuyambira pachiyambi, ndi kuti ng'oma, chigoba chosema ndi nyama za m'nthano ndi zathu zokha, zoyenera kusiyidwa panja pa mpanda wa mishoni. Koma makolo a amishoniwo, atalandira uthenga womwewo, anaulandira ndi zonse zimene anali nazo: njoka za m'nthano zawo, oimba a pamsika, agalu awo, mantha awo a usiku, ngakhale thupi la mkazi. Anaziika pakhoma la tchalitchi, mngelo ali pakati pake. Sanaone kuti Mulungu angadetsedwe ndi dziko limene analenga yekha. Amene anafikako ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, n'kuona osema a kumeneko akusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope ndi zizindikiro za Achewa, Angoni ndi Ayao, adziwa kuti funso limene osema a Kilpeck analiyankha ndi tchizulo ndi lomwe lija tikulimbana nalo ife.

Alamu anakhala chete pang'ono, kenaka anandikumbutsa kuti si amishoni onse amene anali otero. David Clement Scott, amene anamanga St Michael and All Angels ku Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891 pamodzi ndi amisiri a kwathu, ankakonda Chimang'anja mpaka anachilembera dikishonale yaikulu, ndipo njerwa za tchalitchicho anaziumba m'zikombole zamitundumitundu kuti nyumba ikongole. "Kukongoletsa sindikukana," anatero. "Koma pali polekezera." Sitinagwirizane za pamene pali malirewo, ndipo tinalowa m'kati tikadali osiyana maganizo.

M'kati muli kachisisira ndi fungo la mwala wonyowa. Maso akazolowera, chimene chimayamba kuoneka ndi uta waukulu wolekanitsa chipinda cha anthu ndi cha wansembe. Pa nsanamira zake pali anthu asanu ndi mmodzi, atatu uku atatu uku, wina ataima pamutu pa mnzake. Ndi oonda, a nkhope zazitali zachisoni, atagwira mabuku ndi mitanda, ndipo mmodzi wanyamula kiyi wamkulu, kusonyeza kuti ndi Petro. Phokoso lonse la panja lija, zilombo ndi ovina, muno mulibe. Osema omwewo amene anaseka pansi pa denga anafika apa n'kudziletsa. Ukapyola uta wachiwiri umafika paguwa, pansi pa denga lamwala la nthiti zosemedwa mokhotakhota, zimene zimakumana pamwamba pa mitu inayi yonga ya amphaka. Timazenera titatu timalowetsa kuwala kwa kum'mawa. Ndinawaonetsa alamu kusiyana kumeneku, kuti omangawo malire ankawadziwa, kungoti anawaika pena. Anavomera ndi mutu, koma sananene kanthu.

Mphika wa ubatizo ndi chimwala chachikulu chogobedwa, chokhala pa timiyendo tamwala, chotakata moti khanda ankatha kulimiza lonse. Palinso kamphika ka madzi odalitsidwa kosemedwa ngati mimba yogwiridwa ndi manja awiri, kamene akatswiri ena amakayesa kakale kuposa tchalitchi chenichenichi. Mabenchi ndi kakhonde kamatabwa ka kumbuyo ndi za pambuyo pake. Anthu a mu 1140 ankaimirira kapena kugwada pansi, Misa ikuchitika m'Chilatini kuseri kwa uta, chilankhulo chimene mlimi wolankhula Chiwelsh kapena Chingerezi sankachimva, pamene bwana wake kunyumba ankalankhula Chifalansa. M'nyumba ya zilankhulo zinayi chotero, mwala wosemedwa ndi umene unkalankhula kwa onse mofanana.

Tinapezamo mayi wina wachikulire akusintha madzi a maluwa. Alamu anavula chipewa n'kuwapatsa moni.

"Pepani amayi, kodi muno mumapempheramobe, kapena ndi mongoonetsa alendo?"

"Timapempheramo, bambo," anayankha. "Tilipo ochepa, ndipo abusa athu amasamalira matchalitchi angapo, koma ana timabatiza mumphika womwewo, ndipo amuna anga agona panjapo."

Alamu anaponya kangachepe m'bokosi la zopereka, n'kukhala pabenchi la kutsogolo, maso ali otseka. Ine ndinatuluka kuti ndiwasiye apemphere.

Kuseri kwa manda kuli kanjira kodutsa ngalande n'kukwera chitunda cha linga. Pamwamba patsala zidutswa ziwiri za khoma, china chikuonekabe pamene panali chumuni. Mfumu John inagonapo pano kangapo pakati pa 1211 ndi 1214, ndipo mu 1259 mudziwu unapatsidwa chilolezo chokhala ndi msika wa sabata ndi sabata. Kuchokera pachitundapo umaona mapiri a ku Wales mbali ina, ndipo mbali inayo, kupyola denga la tchalitchi, pali munda wa msipu wa mabampu ndi mizere. Umenewo ndiwo unali mudzi wa Kilpeck: malo a maekala pafupifupi 6 ozingidwa ndi mtumbira, okhala ndi msewu pakati ndi mapuloti a nyumba uku ndi uku. Njala yaikulu ya 1315 mpaka 1317 inaupweteka, mliri wa Black Death wa 1348 ndi 1349, umene unapha munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku England kapena kuposa apo, unaumaliza mphamvu. Eni linga anali atayamba kale kukhala kwina. Amonke aja anachotsedwa m'zaka za m'ma 1420. Linga linasanduka bwinja, ndipo zotsala zake zinagumulidwa pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640.

Yankho la funso lija, loti tchalitchichi chinapulumuka bwanji, linali pamenepa. Kumadera a England kumene malonda a ubweya wa nkhosa analemeretsa anthu m'zaka za m'ma 1400, monga ku Cotswolds ndi ku Suffolk, matchalitchi a Anormani anagwetsedwa kapena kukulitsidwa, n'kukhala ndi nsanja zazitali ndi mazenera aakulu. Ku Kilpeck kunalibe wolemera woti achite zimenezo, ndipo kunalibe khamu loti lisowe malo. Ngakhale pamene lamulo la kuchotsa mafano linatuluka m'nthawi ya Mfumu Edward VI, cha m'ma 1547 ndi 1548, ndi pamene ophwanya zosema anayendanso m'ma 1640, oyera mtima a pa uta uja anatsala ndi mitu yawo. Okonza a m'zaka za m'ma 1800, amene kwina anapala ndi kusintha zambiri, pano anagwira mosamala. Mudzi unafa, ndipo imfa yakeyo ndi imene inasunga tchalitchi. Ndinaima pachitundapo ndikuganiza za anthu a m'munda wa mabampuwo, amene mayina awo palibe pa chiliza chilichonse, koma nkhope zonga zawo zili pansi pa denga.

Pobwerera ku Birmingham tinazungulira kumpoto, kupyola Leominster, kuti tikaone Shobdon, tchalitchi cha Oliver de Merlimond, chimene ambiri amati chinali chokongola kuposa cha Kilpeck. Uko ndalama zinalipo. M'zaka za m'ma 1750 banja la a Bateman linagwetsa tchalitchi chakalecho, kusiya nsanja yokha, n'kumanga chatsopano chopaka utoto woyera ndi wabuluu wotuwa m'kati, mwa kamangidwe kamene kanali m'fasho nthawi imeneyo. Uta waukulu wa m'kati ndi makomo awiri osemedwa sanazitaye. Anazinyamula n'kukaziimika pamwamba pa phiri, kumapeto kwa mzere wa mitengo, kuti zizikongoletsa munda wa bwana akamayang'ana ali kunyumba.

Tinakwera phirilo dzuwa litapendeka. Mwala umene unasemedwa kuti ukhale m'nyumba wakhala pamvula ndi pachisanu zaka zoposa 250, ndipo wasungunuka. Pamene panali Khristu mu ulemerero patsala chithunzithunzi cha munthu wokhala pansi, wopanda nkhope. Alamu anayendetsa chala pa nsanamira ina, pofuna kutsata thupi la njoka ngati zija tinaona m'mawa, koma linathera panjira, ndipo chala chinabwerako ndi mchenga wofiira. Mphika wa ubatizo wa osema omwewo, umene unabwezedwa m'tchalitchi chatsopano, ukadali ndi mikango yake inayi yooneka bwino. Za pa phiripo, wofuna kudziwa mmene zinalili amadalira zithunzi zimene George Lewis yemwe uja anasindikiza mu 1852, pamene nkhope zina zinali zikuonekabe.